Musafulumire kutaya kalaputopu kamene kakukana kulumikiza Wi-Fi

A Mkonzi,

Ndikuthokozeni pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene ena angaiyese yaing'ono, koma imene ikutayitsa anthu makina abwinobwino ndiponso zolemba zawo zofunika. Ndikunena za timalaputopu ting'onoting'ono tija totchedwa netbook, timene tikadali m'manja mwa ana asukulu, aphunzitsi ndi anthu ena ambiri amene ntchito yawo yaikulu pa kompyuta ndi kulemba, kuwerenga ndi kutumiza makalata. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa eni ake ndi lakuti kalaputopu kakukana kulumikiza Wi-Fi, ndipo malangizo amene amapatsidwa mosaganizira n'komwe amakhala awiri: kukafomata, ndiko kufufuta zonse zimene zili m'makinamo n'kuikamo Windows mwatsopano, kapena kungokataya. Ine ndikutsutsana ndi malangizo onse awiriwa, chifukwa nthawi zambiri vutolo limapezeka pamalo amodzi odziwika bwino, ndipo munthu wofatsa akhoza kulipeza yekha asanafufute chilichonse.

Tiyenera kuyamba ndi kukumbukira msinkhu wa makinawa. Netbook yoyamba kutchuka inali Asus Eee PC, imene inatuluka mu 2007 ili ndi sikirini ya mainchesi 7, ndipo m'chaka chotsatira makampani ena monga Acer, Dell, HP ndi MSI anatulutsanso zawo. Tambiri mwa timakinati tili ndi pulosesa ya Intel Atom ndi memore ya 1 GB, ndipo tinkabwera ndi Windows XP, Windows 7 Starter kapena mtundu wina wa Linux. Kakhadi ka Wi-Fi kamene kali m'kati mwake kanapangidwa mogwirizana ndi malamulo a nthawi imeneyo, pamene marauta, timabokosi togawa Wi-Fi m'nyumba, ndi mafoni amene tikugula lerolino akutsata malamulo atsopano. Zambiri mwa zimene anthu amazitcha kuwonongeka zimachokera pa kusiyana zaka kumeneku, ndipo mankhwala ake amakhala kusintha kanthu kamodzi pa rauta kapena pa foni, kalaputopuko osakakhudza n'komwe.

Munthu akanena kuti "Wi-Fi sikugwira" amakhala atamanga mavuto angapo osiyana m'mtolo umodzi. N'kutheka kuti kakhadi kazimitsidwa, kapena kakuyaka koma sikakuona netiweki, kapena kakuiona koma rauta ikukakana, kapenanso kalowa bwinobwino koma rautayo ilibe intaneti. Mavuto amenewa alibe mankhwala amodzi, choncho ntchito yoyamba ndi kudziwa pamene chingwe chadukira. Njira yachidule ndi kutenga foni kapena kompyuta ina n'kuilumikiza pa netiweki yomweyo. Ngati nayonso ikulephera kutsegula masamba, kalaputopu kalibe mlandu, ndipo chofunika n'kuzimitsa rauta kwa kanthawi n'kuiyatsanso, kuona ngati bandulo sinathe, kapena kufunsa kampani imene imakupatsani intaneti. Ngati zipangizo zina zikuyenda bwino, pamenepo m'pamene tiyenera kucheukira kalaputopuko.

Chinthu choyamba kuona pa kalaputopu n'chophweka kwambiri, mwakuti anthu amachita manyazi kuchifunsa: kodi Wi-Fi ndi yoyatsa? Timakina ta nthawi imeneyo tinapangidwa kuti munthu azitha kuzimitsa Wi-Fi pofuna kusunga batire. Pa Asus Eee PC amagwiritsa ntchito batani la Fn pamodzi ndi F2, pamene Acer Aspire One yoyambirira inali ndi kaswitchi kosuntha kutsogolo m'mphepete, kamene kamatha kukhudzidwa munthu akamalowetsa kalaputopu m'chikwama. Pa mitundu ina batani lake ndi lina, koma limadziwika ndi kachithunzi ka eriyo kapena ka mafunde, ndipo pamakhalanso kanyale kamene kamayaka Wi-Fi ikakhala yoyatsa. Kanyaleko kakakana kuyaka ngakhale mutadina mabatani oyenera, ndi bwino kulowa mu BIOS, tsamba la zosankha za makina limene limatsegulidwa Windows isanayambe, pamene makina akungoyaka kumene n'kuona ngati Wireless LAN sinaletsedwe kumeneko, pakuti chimene chatsekedwa mu BIOS Windows singachitsegule. Amene amagwiritsa ntchito Linux ali ndi lamulo lakuti rfkill list, limene limaonetsa ngati kakhadi katsekedwa ndi pulogalamu kapena ndi switchi yeniyeni. Chotseka cha pulogalamu chimachoka ndi rfkill unblock wifi, koma cha switchi chimafuna chala cha munthu.

Pambuyo pake tione ngati Windows ikukadziwa kakhadiko. Mu Device Manager, malo a mu Windows oonetsa zipangizo zonse za m'makina, pansi pa Network adapters, payenera kuoneka dzina la kakhadi, ndipo pa ma netbook ambiri limakhala la Atheros, Broadcom, Ralink, Realtek kapena Intel. Pakakhala kachizindikiro kachikasu pambali pa dzinalo, kapena kakhadiko kakaoneka pansi pa Other devices popanda dzina lenileni, ndiye kuti pulogalamu yoyendetsa kakhadi, imene amisiri amaitcha driver, yasowa kapena yawonongeka. Apa m'pamene ndimadandaula kwambiri ndi chizolowezi chofomata makina pa vuto lililonse. Munthu amabwera ndi kalaputopu kamene driver yake inali bwinobwino, vuto lili pa pasiwedi chabe, wokonza n'kufufuta zonse n'kuikamo Windows ina imene ilibe driver ya kakhadiko, ndipo mwini wake amabwerera kwawo ali ndi mavuto awiri, zolemba zake zitapitanso. Kupeza driver ya makina akale chotere si kophweka monga kale, chifukwa makampani ena anachotsa masamba a makina amenewa, ndipo masamba ambiri amene amalonjeza ma driver aulere amabwera ndi mavairasi. Amene akadali ndi driver yogwira ntchito aisunge pa fulashi lero lomwe. Amene yasowa alumikize kalaputopu pa rauta ndi chingwe cha netiweki, popeza pafupifupi ma netbook onse ali ndi polowetsa chingwechi, kapena atenge driver pa kompyuta ina kuchokera ku tsamba la kampani imene inapanga makinawo kapena kakhadiko. Pa Linux, makhadi ena a Broadcom amafuna kuti muikemo padera firmware yake, kapulogalamu kena kamene kakhadiko kamafuna kuti kagwire ntchito, ndipo nayonso imatengedwa mosavuta makina akalumikizidwa ndi chingwe.

Pali kanthu kenanso kamene kamasokoneza pa Windows zakalezi. Ntchito yofufuza ma netiweki imayendetsedwa ndi service yotchedwa Wireless Zero Configuration pa Windows XP, kapena WLAN AutoConfig pa Windows 7, ndipo ikaima mndandanda wa ma netiweki umangokhala wopanda kanthu. Nthawi zina kapulogalamu kamene kanabwera ndi kakhadi kamalimbirana ulamuliro ndi Windows, ndipo zikatero muyenera kusankha kuti ntchitoyo izigwiridwa ndi mmodzi yekha.

Tsopano ndifike pa vuto limene ndikuliona kuti lachuluka kuposa onse masiku ano, lakuti kalaputopu kakuona ma netiweki a anthu oyandikana nawo koma ya mwini wake yokha sikakuiona. Izi zimakhumudwitsa kwambiri, chifukwa foni ili m'dzanja ikuonetsa netiwekiyo ndi mphamvu zonse. Chifukwa chake n'chakuti Wi-Fi imayenda pa mafunde a mitundu yosiyana, makamaka a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Makhadi a ma netbook ambiri ndi a 802.11b/g, ena a 802.11n, ndipo pafupifupi onse amamva mafunde a 2.4 GHz okha. Netiweki imene ikuulutsidwa pa 5 GHz yokha kalaputopu koteroko sikangaione ngakhale mutakaika pamwamba penipeni pa rauta, monga momwe wailesi yogwira AM yokha singamvere nyumba youlutsira mawu ya pa FM. Palibe driver kapena kufomata kumene kungasinthe zimenezi, pakuti malirewo ali m'kakhadi momwemo.

Chofunika n'kulowa mu rauta kudzera pa bulawuza, pa adiresi imene nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 ndipo imalembedwa pa kapepala komata pansi pa rautayo, n'kuonetsetsa kuti mbali ya 2.4 GHz ndi yoyatsa komanso kuti ikulola zipangizo za b/g/n, osati zatsopano zokha. Marauta ena amaika mafunde onse awiri pansi pa dzina limodzi n'kumasankhira okha zipangizo, ndipo makina akale akamavutika ndi zimenezi ndi bwino kupatsa mbali iliyonse dzina lakelake. Anthu amene amagawa intaneti kuchokera pa foni ayang'ane chimodzimodzi: mafoni ambiri a Android ali ndi posankhira mafunde m'kati mwa hotspot, ndipo pa ma iPhone atsopano pali batani la Maximize Compatibility limene limasamutsira hotspot pa 2.4 GHz. Kusintha kumodzi kokhaku kumadzutsa timakina tambiri timene tinaweruzidwa kale kuti tinafa.

Ngakhale pa 2.4 GHz pomwepo pali msampha wina. Mafunde amenewa anagawidwa m'matchanelo, ndipo mayiko amasiyana pa matchanelo amene amaloledwa: ku United States zipangizo zimagwiritsa ntchito 1 mpaka 11, pamene ku Ulaya ndi m'mayiko ena ambiri zimafika pa 13. Kalaputopu kamene kanapangidwira msika wa ku America kakhoza kulephera kuona rauta imene yadzisankhira tchanelo 12 kapena 13, ndipo popeza marauta ambiri amasintha tchanelo okha akayatsidwanso, vutoli limabwera ndi kuchoka popanda chifukwa chooneka, mpaka mwini wake n'kumaganiza kuti makina ake ndi osadalirika. Kuika rauta pa tchanelo 1, 6 kapena 11 kumathetsa zimenezi, ndipo matchanelo atatuwa ndi amenenso salowererana mafunde. Ngati mwini rauta anabisa dzina la netiweki, ndiye kuti dzinalo muyenera kulilemba nokha molondola chilembo ndi chilembo; ine sindiona phindu lenileni pa kubisako, chifukwa sikuletsa wakuba wodziwa ntchito yake koma kumangovutitsa eni nyumba.

Tinene kuti netiweki yaoneka, mwalemba pasiwedi, koma kalaputopu kakungozungulira kenako n'kukana. Musanaganize zazikulu, tsegulani Notepad n'kulembamo pasiwediyo kuti muone ndi maso anu zimene kiyibodi ikutulutsa. Pa timakiyibodi tating'onoti mulibe malo a manambala apadera, choncho opanga anabisa manambalawo pansi pa zilembo za kudzanja lamanja. Num Lock ikayaka mwangozi, munthu akadina J pamatuluka 1, akadina K pamatuluka 2, L imakhala 3, ndipo U, I ndi O zimasanduka 4, 5 ndi 6. M'kabokosi ka pasiwedi mumangooneka timadontho takuda, moti munthu akhoza kulemba mosamala mobwerezabwereza, akuwerenga papepala chilembo chilichonse, osadziwa kuti chimene chikufika kwa rauta n'china. Mukayang'anitsitsa pa mabatani a zilembo zimenezo mudzaona timanambala tating'ono, kawirikawiri tabuluu, tolembedwa pakona. Caps Lock nayo imachita zofanana, chifukwa pa pasiwedi chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'zosiyana. Ndiponso ngati pasiwedi ya rauta inasinthidwa, kalaputopu kamapitiriza kuyesa yakale imene kanasunga, ndiye muyenera kufufuta netiwekiyo pa mndandanda wa zosungidwa, pa Manage wireless networks ngati ndi Windows 7, n'kulumikiza ngati koyamba.

Pasiwedi ikakhala yolondola koma rauta n'kumakanabe, vuto limakhala pa mtundu wa chitetezo. Njira yotetezera ya WPA2 inayamba mu 2004, ndipo ma netbook ambiri amaidziwa, ngakhale kuti Windows XP imafuna Service Pack 3, kapena Service Pack 2 yoikidwa chigamba chapadera, kuti iigwiritse ntchito. WPA3 inabwera mu 2018, patapita zaka makinawa atasiya kupangidwa, ndipo rauta kapena foni imene yaikidwa pa WPA3 yokha singalole kalaputopu kakale kulowa. Ngakhale posakaniza WPA2 ndi WPA3 makhadi ena akale amasokonezeka. Choyenera ndi kusankha WPA2-PSK yokhala ndi AES, ndipo ngati rauta ili ndi mwayi wa netiweki ya alendo, kalaputopu kakaleko kaikidwe kumeneko kuti zipangizo zina zikhalebe pa chitetezo chatsopano.

A Mkonzi, ndiloleni ndichenjeze mwamphamvu pa njira ina imene ndimaimva ikuperekedwa ngati nzeru, yakuti munthu achotseretu pasiwedi kapena abwerere ku WEP, njira yakale yotetezera netiweki, kuti kalaputopu kalumikize. N'zoona kuti kamalumikiza, koma WEP inathyoledwa kalekale, ndipo munthu wodziwa akhoza kuiswa m'mphindi zochepa ndi mapulogalamu opezeka kwa aliyense. Netiweki yotseguka imalola aliyense wodutsa kumaliza bandulo ya mwini nyumba, kufika pa zipangizo zina za m'nyumbamo, ngakhalenso kuchita zoipa pa intaneti mogwiritsa ntchito netiweki ya munthu wosalakwa. Kuchotsa pasiwedi kwa mphindi ziwiri pofuna kutsimikiza kuti vuto lili pa chitetezo n'kololeka, koma kuisiya chomwecho ndi kuika banja lonse pangozi chifukwa cha makina amodzi.

Pali nthawi zina pamene kalaputopu kamalowa pa netiweki koma n'kulemba kuti Limited or no connectivity, kapena kuonetsa kachizindikiro kachikasu pa timizere ta sigino. Apa chida chothandiza ndi Command Prompt, kazenera ka mu Windows kolembamo malamulo. Mukalembamo ipconfig mudzaona adiresi imene kalaputopu kapatsidwa. Adiresi yoyamba ndi 192.168 kapena ndi 10 imasonyeza kuti rauta yakalandira bwino, koma yoyamba ndi 169.254 imasonyeza kuti kanapempha adiresi, sikanayankhidwe, ndipo Windows yangodzipatsa yokha adiresi imene singafike nayo pa intaneti. Zikatero lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew, ndipo zikakanika muyatsenso rauta. Muonenso ngati wina sanalembemo adiresi yokhazikika pamene kalaputopu kankagwira ntchito ku ofesi kapena kusukulu ina, chifukwa adiresi yoteroyo imagwira kumeneko kokha, ndipo iyenera kubwezedwa pa Obtain an IP address automatically. Marauta ena amaikidwanso kuti azilola zipangizo zokhazo zimene nambala yake ya MAC, nambala yozindikirira kakhadi ka chipangizo chilichonse, inalembedwa, ndipo ma hotspot a mafoni amakhala ndi malire a chiwerengero cha zipangizo zimene zingalowe nthawi imodzi.

Adiresi ikakhala yabwino, lamulo la ping, limene limalembedwa mu Command Prompt momwemo n'kutsatiridwa ndi adiresi imene mukufuna kuona ngati ikuyankha, limaonetsa pamene ulendo ukuthera. Yambani ndi adiresi ya rauta, kenako 8.8.8.8, imene ndi seva ya Google, kenako dzina la tsamba lililonse lodziwika. Ngati nambala ikuyankha koma dzina likukana, vuto lili pa DNS, imene imamasulira mayina a masamba kukhala manambala, ndipo ipconfig /flushdns kapena kuika 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ngati DNS kumathandiza. Ngati zonse zikuyankha koma bulawuza yokha ikukana, onani ngati simunatsale proxy yakale, adiresi ya seva ina imene bulawuza inauzidwa kuti izidutsiramo, mu Internet Options. M'malo a anthu ambiri monga m'mahotela ndi m'malaibulale, netiweki imayamba yakutumizani pa tsamba lovomerezera malamulo, ndipo tsambalo likapanda kutseguka palibe chimene chimayenda.

Vuto lina limavala nkhope ya Wi-Fi pamene silikhudzana nayo n'komwe, ndipo ndi la tsiku ndi nthawi. M'kati mwa malaputopu ambiri muli kabatire kakang'ono kozungulira kamene kamasunga wotchi makina akazima. Pa makina a zaka zoposa khumi kabatire kameneka kamakhala katatha mphamvu, ndipo batire lalikulu likatheratu wotchi imabwerera ku chaka chakale kwambiri. Pafupifupi masamba onse a masiku ano amatsegulidwa ndi ziphaso zachitetezo zimene zili ndi tsiku loyambira ndi lothera, choncho kompyuta imene ikuganiza kuti tili mu 2008 imakana ziphaso zonsezo n'kumaonetsa machenjezo tsamba lililonse. Mwini wake amati intaneti yavuta, pamene chofunika n'kungokonza tsiku pakona ya sikirini, ndipo pambuyo pake kusinthitsa kabatireko. Palinso malire amene kukonza wotchi sikungawachotse: Internet Explorer 8 ya pa Windows XP siidziwa njira ya TLS 1.2 imene masamba ambiri amafuna, ndipo chiphaso chachikulu chotchedwa DST Root CA X3 chitatha pa 30 September 2021, makina akale ambiri anayamba kukana masamba amene ankatsegula bwino dzulo lake. Pamenepa Wi-Fi imakhala ilibe vuto, chimene chakalamba ndi pulogalamu.

Kwa amene kalaputopu kawo kamalumikiza koma n'kumadukaduka, malo oyamba kuyang'ana ndi njira zosungira batire. Ma netbook anapangidwa kuti azisunga mphamvu kwambiri, ndipo Windows imaloledwa kugoneka kakhadi ka Wi-Fi, kamene nthawi zina sikadzuka bwino. Mu Device Manager, pa Properties ya kakhadiko, pali gawo la Power Management pamene mungachotse chilolezo chimenechi, ndipo mu Power Options ya Windows 7 mungaike Wireless Adapter Settings pa Maximum Performance. Chizindikiro chake n'chakuti vuto limakula makina akachotsedwa pa magetsi kapena akangodzuka kutulo. Mafunde a 2.4 GHz nawonso ndi odzaza, popeza amagwiritsidwanso ntchito ndi Bluetooth, ma microwave ophikira ndiponso marauta onse a nyumba zoyandikana. Makoma a konkire, zitsulo ndi magalasi oonera nkhope zimafooketsa sigino, ndipo rauta yoikidwa pansi kuseri kwa kabati imataya mphamvu yambiri isanafike pa munthu. Kuyesa kalaputopu pafupi ndi rauta kenako n'kumasuntha pang'onopang'ono kumaonetsa ngati vuto ndi mtunda.

Ngati kakulumikiza pokhapokha kakhale pafupi kwambiri ndi rauta, pamene foni ikugwira bwino kuchipinda china, ndiye kuti vuto lingakhale pa eriyo. Mukatsegula kachitseko ka pansi pa ma netbook ena, mutachotsa kaye chaja ndi batire, mudzaona kakhadi kakang'ono komangidwa ndi sikuluwu imodzi kapena ziwiri, ndipo pamwamba pake pali timawaya tiwiri topyapyala, kawirikawiri kena kakuda kena koyera, tokhala ndi timitu tachitsulo timene timadinikizidwa pa timapini tozungulira. Timawayati timadutsa m'mahinji n'kukwera mpaka m'mphepete mwa sikirini, m'mene muli eriyo. Makina akagwa kamutu kamodzi kamatha kuvuka, ndipo kukabwezera kumangofuna kukaika molunjika n'kukadinikiza ndi chala mpaka kamveke kuti kagwira, osakakamiza, chifukwa timapinito timathyoka msanga. Kutsegula ndi kutseka sikirini kwa zaka zambiri kumathanso kudula waya m'hinji, ndipo chizindikiro chake n'chakuti sigino imasintha mukamapendeketsa sikirini. Pa mitundu ina kakhadiko kali pansi pa kiyibodi, ndipo amene alibe chizolowezi chomasula makina asiyire mmisiri.

Ngakhale kakhadi katafadi, kalaputopu sikanafe. Pali timazipangizo ta Wi-Fi tolowetsa pa USB, tina tating'ono kwambiri moti sitioneka n'komwe tikalowetsedwa, ndipo tina timamva mafunde a 5 GHz amene kakhadi kakale sikankawamva. Chofunika n'kuonetsetsa, musanagule, kuti kachipangizoko kali ndi driver ya Windows kapena Linux imene ili m'makina anu, makamaka popeza ma netbook ambiri oyambirira ndi a 32-bit. Foni ya Android ikhozanso kugawira kalaputopu intaneti kudzera pa chingwe cha USB, njira imene imathandiza kwambiri pa Windows 7 ndi pa Linux pamene mukufuna kutenga driver imene yasowa.

Sindingakhale wachilungamo ndikapanda kunena kuti kulumikiza makina akale pa intaneti kuli ndi chiopsezo chake. Microsoft inasiya kupereka zigamba zachitetezo za Windows XP pa 8 April 2014, ndipo za Windows 7 inasiya pa 14 January 2020, kutanthauza kuti mabowo ambiri amene apezeka pambuyo pake satsekedwa. Sindingalangize munthu kulowa ku banki kapena kusunga zinsinsi za ntchito pa makina otero. Amene akufuna kuti kalaputopu kawo kapitirize kugwira ntchito pa intaneti aganizire zoikamo Linux yopepuka imene ikulandirabe zigamba ndipo ikugwirizana ndi pulosesa ya makinawo. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi musanafufute chilichonse, ndipo kuyesako kumayankhanso funso lalikulu: Wi-Fi ikagwira pa Linux ya pa fulashi, ndiye kuti kakhadi ndi eriyo zili bwino ndipo vuto lili mu Windows, ikakana kumenekonso, kakhadi kakuoneka, driver ilipo ndipo switchi ili yoyatsa, mpamene tingayambe kukamba zosintha kakhadi.

Kwa amisiri okonza makompyuta, pempho langa n'lakuti muzimufunsa mwini makina mafunso musanakhudze chilichonse: vuto linayamba liti, kodi rauta kapena foni inasinthidwa posachedwa, kodi makina anagwa, kodi kwina amalumikiza bwino. Ngati kufomata kuli kofunikadi, muzimuuza mwini wake momveka kuti zinthu zake zifufutika, muzimusungira zolemba ndi ma driver kaye, ndipo muzimuonetsa kuti Wi-Fi ikugwira asanachoke. Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti nyuzipepala yanu izipereka malo nthawi ndi nthawi oti owerenga azifunsa mafunso a makompyuta n'kumayankhidwa m'Chichewa ndi anthu odziwa, popeza malangizo ambiri a zinthu zimenezi amapezeka m'Chingelezi chokha, ndipo amalembedwera anthu amene ali ndi makina atsopano.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu